Chipinda Chopanda Utsi cha Mayi Galasi

Nthawi inali itangokwana sikisi koloko m'mawa, koma Mayi Galasi anali atatuluka kale thukuta. Amuna awo, a Fifite, anali atagona chammbali pabedi. Mayiwo anali atagwada pansi, manja atawapinda ngati munthu wofuna kumwa madzi pampopi, akuwomba pamsana pa wodwalayo. Phu, phu, phu, phu. Ankayambira m'munsi mwa nthiti kukwera mpaka paphewa, kenako n'kubwereranso. Zenera linali chitsegukire ngakhale kunja kunali chisanu choluma zala.

"Tsokomolani tsopano, bambo."

"Dikirani kaye... ndiupeze... mpweyawo."

"Mpweya wadzaza nyumba yonseyi. Tsokomolani, zisakhazikike."

A Fifite anadzuka pang'onopang'ono, nagwira mutu wa bedi, n'kuyamba kutsokomola kochokera pansi penipeni, kuja ukakumva nawenso umagwira pachifuwa pako. Mayi Galasi anawaikira kukamwa chitini chakale cha mkaka. Atatha, anapita nacho pazenera kukaona mtundu wa makhololo. Akakhala oyera, tsiku limenelo n'labwino. Akakhala achikasu kapena obiriwira, ndiye kuti pali ulendo wa kuchipatala.

"Adokotala... mwapeza chiyani?"

"Oyera. Lero mwapulumuka."

"Ndiye mawa... muwombe pang'ono. Ng'oma... imang'ambikatu."

Masiku ena Mayi Galasi akanaseka, koma tsiku limeneli sanaseke. Linali Lachitatu, ndipo alamu awo, achemwali awo a a Fifite, anali atanena kuti Loweruka abwera ndi galimoto kudzatenga mlongo wawo. Ankati akufera m'manja mwa mkazi wouma mtima. Mayi Galasi ankadziwa chinthu chimodzi: munthuyu akangotuluka m'chipinda chimenechi, timapapo take totsalato sitikhalitsa.

Ine ndimakhala ndi kamwana kanga khomo loyandikana nawo, pamzere womwewo wa nyumba za lendi. Khoma lathu n'lopyapyala moti mnzako akayetsemula umadzidzimuka ndiwe. Zina mwa zimenezi ndinaziona ndi maso, zina anandiuza okha tikuchapa.

Dzina lakuti Galasi silinali la makolo. Mayiwa anagwira ntchito yokolopa m'maofesi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo akaweruka ankapitiriza ntchitoyo kunyumba kwawo. Simenti ya pansi ankaipaka polishi wofiira n'kuipukuta atagwada mpaka inkachita kung'anima. Amayi a pamzere ankati ukafuna kupesa tsitsi ungolowa mmenemo n'kuyang'ana pansi. Mwana akalowa ndi matope ankatuluka ndi khutu lotentha. Amuna awo nawo ankanyamula matumba a simenti pa nyumba yosungiramo katundu kufupi ndi msewu waukulu. Thumba limodzi limalemera makilo fifite, kumene kunachokera dzina lawolo, ndipo iwo ali mnyamata ankanyamula awiri nthawi imodzi, limodzi paphewa lina kukhwapa, ndudu ili pakamwa. Madzulo ankabwera ali mbuu, fumbi mpaka m'nsidze ndi m'makutu. Akazi awo ankawaimitsa pakhomo.

"Mzukwa sulowa m'nyumba mwanga. Kubafa!"

"Mzukwa womwewu ndi umene unakufunsirani, mayi," iwo ankatero, mano okha ali mbee.

Matenda sanabwere ndi phokoso. Poyamba a Fifite ankangoima panjira ngati akuyang'ana chinachake, chonsecho akudikira mpweya. Kenako thumba limodzi linayamba kuwakanika. Kenako ndowa ya madzi. Anawayeza chifuwa chachikulu katatu konse, osachipeza. Pomaliza anawajambula, ndipo adokotala anati fumbi ndi fodya zawononga mapapo, mbali yowonongekayo sidzabwereranso. Matenda amenewa sachoka, amangonyengereredwa.

Apa m'pamene Mayi Galasi analakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kunali kwa munthu waukhondo. Iwo anaganiza kuti mdani wa chifuwa ndi mphepo ndi uve. Anatseka mazenera onse, natsekera nsanza kunsi kwa chitseko. Mbaula anailowetsa kuchipinda kuti wodwala azimva kutentha. Ankasesa katatu pa tsiku, fumbi lili koboo m'nyumba yotseka, kenako polishi, kenako mankhwala ofukiza udzudzu. Pa milungu itatu yokha a Fifite anagwa pakati pa bedi ndi chitseko, milomo itada bii, akutsegula kukamwa ngati nsomba ya pamtunda.

Kuchipatala namwino wina wachikulire anawakhazika pabenchi mayiwo n'kuwafunsa mmene amasamalira wodwala kunyumba. Iwo anafotokoza zonse monyadira, osasiyako n'chimodzi chomwe, mpaka mtundu wa polishi. Namwinoyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anawagwira dzanja.

"Mayi, ndaona anthu ambiri otaya odwala awo. Inu simunataye. Koma zonse mwatchulazi n'zimene zikumutsamwitsa munthuyu."

Tsiku limenelo Mayi Galasi sanadye. Anandiuza kuti anakhala kuseri kwa wodi akuyang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina.

Atabwerako, nyumba ija anaivula. Makatani anatsitsa, kapeti anapatsa anthu, mipando ya thonje anaitulutsa. Chitini cha polishi, chodzaza bwinobwino, anakachitaya kudzala. Tsache analisiya, n'kumangopukuta ndi nsanza yonyowa. Kophikira anasamutsira kuseri, kumpanda kwenikweni, ndipo mvula ikamagwa ankaphika atafunda pepala la pulasitiki. Akamaliza ankasintha malaya ndi mpango asanalowe m'nyumba, kuti utsi usalowe nawo. Namwino uja anawaphunzitsa kuwomba pamsana kuti makhololo azimasuka, kumugoneka wodwala chotsamira mapilo atatu, ndi kumupumitsa potulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati akuuzira tiyi wotentha. Kamankhwala kopopera m'kamwa ankakalowetsa kumatako kwa botolo la pulasitiki lobowola, a Fifite n'kumakoka mpweya kukamwa kwa botololo, kuti mankhwala asathere palilime. Ntchito ya kumaofesi anaisiya, chifukwa nthawi yokolopa kumeneko inali yomweyo yowomba pamsana kuno. Anayamba kuchapira anthu zovala pakhomo, koma kusita ankakana, poti ayironi yawo inali ya makala.

Pansi paja panazilala. Dzina lokha ndi limene linatsala.

Ndipo zinathandiza, chimenecho palibe angatsutse. Munthu amene ankagonekedwa m'chipatala mwezi ndi mwezi anatha zaka zinayi atagonekedwako kawiri kokha. Koma mpanda umene umatchinga mbuzi umatchinganso alendo. Anzawo a a Fifite akunyumba ya katundu kuja ankabwera Lamlungu ndi makadi kudzawachezetsa. Mayi Galasi ankawanunkhiza pakhomo ngati galu wa apolisi.

"Inu mwasuta. Inu malayawo ndi a kuntchito. Inu mukufwenthera chimfine. Khalani panja, muzilankhula pazenera."

"Koma mlamu, tabwera kudzaona wodwala kapena mkaidi?"

"Amene akufuna kudzamuona m'bokosi alowe."

Anabwera kawiri, katatu, kenako anasiya. Adzukulu akabwera ndi mamina, ankabwezedwa asanavule n'komwe nsapato. A Fifite ankakhala pampando wathabwa pafupi ndi zenera, atafunda bulangete lochapidwa mlungu ndi mlungu, akuyang'ana anthu akudutsa. M'nyengo yozizira ankaona utsi ukutuluka m'makomo mwa anzawo, mabanja atazungulira mbaula, iwo manja ali m'khwapa.

Ife a pamzere tinkangomva phu, phu, phu m'mawa ndi madzulo, kenako munthu akubuula. Sindibisa, nanenso poyamba ndinkaganiza zomwe ankaganiza anzanga. Pampopi nkhani inkayenda kuti mayi uja watopa ndi wodwala, akumumenya, wamulanda moto, wagulitsa katundu yense, akumugoneka pamphepo kuti afe msanga. Mayi Galasi ankazimva, koma sanali munthu wodzifotokoza.

"Amene akufuna kudziwa abwere adzagwire chitini," ankatero, n'kusenza ndowa yawo.

Mawu alibe miyendo koma amafika patali. Anafika mpaka kutsidya lina la tauni kumene alamu awo aja amagulitsa zovala zakaunjika. Alamuwo anatulukira m'mawa wina osagogoda, n'kupeza mlongo wawo ali chigonere, mkazi ali pamsana pake ndi manja awiri.

"Mayo ine! Ndiye n'zoona! Siya, mfiti iwe, siya!"

"Alamu, khalani pansi ndikufotokozereni. Koma choyamba mafuta mwadzolawo ndi onunkhira kwambiri, imani chapakhomo."

"Ukundithamangitsa m'nyumba ya mlongo wanga? Taonani mmene wazizirira mwana wa mayi anga! Moto uli kuti? Makatani ali kuti? Nyumba ngati mosambitsira mitembo!"

Mayi Galasi anatulutsa kabuku ka kuchipatala. Alamuwo sanakayang'ane n'komwe. Anati iwo analera mlongo wawoyo kuyambira ali wakhanda, anamubereka kumbuyo, ndipo palibe pepala limene lingawaphunzitse kuti munthu wodwala chifuwa amagonekedwa pamphepo. A Fifite anayesa kulowererapo koma chifuwa chinawagwira, ndipo mmene chimawasiya n'kuti achemwali awo atanena kale za Loweruka, atamenyetsa chitseko.

Masiku atatu amenewo Mayi Galasi sanapite kukadandaula kwa munthu aliyense. Mtima wawo unali pa chinthu chimodzi. Lachisanu tikuyanika zovala anandiuza kuti, "Make khanda, abwere ndi galimoto ngakhale khumi. Munthuyo si thumba loti angonyamula. Ali ndi pakamwa. Akana yekha."

Loweruka galimoto inafika cha m'ma naini, kagalimoto kotsegula kumbuyo, atayalamo matiresi. Amayi a pamzere anatuluka, wina ndi mbale m'manja, wina ndi tsache, aliyense ngati ali ndi chochita panja. Mayi Galasi anapita kaye kwa dalaivala.

"Achimwene, zimitsani injiniyo. Utsi ukulowa m'nyumba."

Anazimitsa. Alamu analowa, ulendo uno osadzola kanthu, nkhope ili gwa.

"Sindinabwere kudzakangana," anatero. "Tiwafunse eni ake. Achimwene, lankhulani pamaso pa anthu. Mkaziyu amakuzunzani kapena ayi?"

A Fifite anali pampando wawo uja. Anakoka mpweya, nautulutsa pang'onopang'ono monga anaphunzitsidwira.

"Achemwali... mkaziyu... musamunyoze. Kuwombako... ndi mankhwala. Popanda iyeyu... bwenzi mutandilira... kalekale."

Mayi Galasi anatsitsa mapewa. Anayang'ana amayi amene anali pakhomo mmodzimmodzi. Anali atatembenuka kale kuti akatenge madzi akumwa a mlendo pamene amuna awo anapitiriza.

"Koma... ndipita nawo."

Kunja wina anagwetsa mbale.

"Mwati chiyani, bambo?"

"Ndipita, mayi."

"Kumene kuja amaphikira pakhonde? Kumene kuli ana asanu ndi atatu, chimfine osatha? Alamu anu aamuna amasuta ngati njerwa zikuwotchedwa! Mukufuna kukafa?"

"Kufa... ndikufa kale. Kuno... pang'onopang'ono." Anapuma nthawi yaitali. "Zaka zinayi... sindinawothe moto. Mdzukulu... sindinamunyamule. Mukundisunga bwino, mayi... ngati mankhwala... a m'botolo. Ndikufuna... ndikakhaleko munthu. Ngakhale... mwezi umodzi."

Alamu aja, amene anabwera atakonzeka nkhondo, anasowa poyika maso. Mayi Galasi anaima pakati pa chipinda, manja ali lende. Anandiuza pambuyo pake kuti akanakonda amuna awo akanangonama kuti amawamenyadi. Bodza akanalitsutsa. Koma izi akanazitsutsa bwanji?

Sanalire. Anatenga chikwama n'kuyamba kulongedza: malaya, bulangete, mapilo atatu, kabuku ka kuchipatala, kamankhwala kopopera ndi botolo lake, chitini atachitsuka. Kenako anapita kwa alamu awo, natambasula dzanja, nalipinda.

"Taonani, alamu. Dzanja lizikhala chonchi, pakati pakhale mphako. Osawomba pamsana penipeni pali fupa, koma m'mbalimu. M'mawa asanadye, ndi madzulo."

"Kwathu sitimenya odwala," anatero alamuwo, koma motsitsa mawu.

Kuchoka pampando kukafika pagalimoto panali mapazi osakwana makumi awiri. A Fifite anapuma kawiri. Munthu amene ankanyamula matumba awiri anakwezedwa ndi dalaivala yekha, ngati mtolo wa zovala zouma. Ali pamatiresi anayang'ana akazi awo.

"Mayi... mupumeko. Manjawo... atupa."

"Manja ndi anga," anayankha. "Fundani pakamwa, msewuwo ndi wafumbi."

Masiku otsatira khoma lathu linakhala chete. Mwana wanga, amene anazolowera kudzutsidwa ndi phu, phu uja, anayamba kugona mpaka dzuwa kukwera. Koma Mayi Galasi ndinkawamva akuyendayenda nthawi yomweyo ya kale. Ankaphikabe kumpanda, ngakhale m'nyumba munalibenso woti n'kutsamwa. Amayi a pampopi anayamba kuwapatsa moni wautali, wina mpaka anawabweretsera makatani kuti abwereke. Iwo anathokoza n'kuwabweza.

Patatha milungu iwiri anavala bwino n'kukwera basi kupita kutsidya kuja. Anabwerako dzuwa lisanapendeke, ndipo anakhala pakhonde panga osavula nsapato.

Anati anawapeza amuna awo pabalaza, mbaula ili pakati, adzukulu awiri ali pamiyendo, wina akuwakoka ndevu. Anzawo a makadi aja analiponso. A Fifite ankaseka. Mayiwo anali asanawamve akuseka choncho chiyambire matendawa. Koma milomo inali itayambanso kuda, ndipo pakati pa kuseka mapewa ankakwera mpaka m'makutu kufunafuna mpweya. Mapilo aja ana anali atagawana.

"Ndinayesetsa, make khanda. Ndinakhala pansi, ndinapereka moni, ndinalandira madzi. Ndinati ndingokhala ngati mlendo. Koma manjawa anapita okha. Ndinangozindikira ndanyamula mbaula ija ndili nayo panja."

Panabuka phokoso. Alamu anati pakhomo pawo salamulidwa ndi munthu wobwera, ndipo asadzapondeponso mpaka ataphunzira ulemu. Chimene chinawapweteka kwambiri Mayi Galasi si mawu amenewo. Ndi chakuti amuna awo sanawaikire kumbuyo. Anangoyang'ana pamalo pamene panali mbaulapo, n'kunena kuti, "Mayi... bwezani moto."

Anaubweza ndi manja awo omwewo, n'kutsanzika.

Atamaliza kundifotokozera, anavula nsapato zija. Mwana wanga anakwawira pamiyendo pawo, iwo n'kumunyamula, n'kumupukuta mamina ndi nsonga ya nsalu yawo. Ndinawafunsa ngati akufuna tipite kwa namwino uja kuti mwina iyeyo akalankhule ndi alamuwo. Anapukusa mutu.

"Alamu si vuto. Akanakhala alamu okha bwenzi nditagona pakhomo pawo mpaka atandipatsa munthu wanga. Koma mwini wake wasankha. Ine ndimadziwa kusunga mapapo. Zinazo ndinaiwala kuti nazonso zimafuna kusungidwa." Anamutsitsa mwanayo. "Komabe akanakhala kuno, chaka chamawa akanachiona."

Zonse ziwiri zinali zoona.

Dzulo m'mawa anagogoda pakhomo panga. Anali atamva kuti Lachiwiri lililonse ndimapita kutsidya kuja kukagula zovala za ana zoti ndizigulitsa, ndipo benchi ya alamu awo ili pamsika womwewo, nyumba yawo kuseri kwake. Anaima pakhomo, osalowa, akupotokola nsonga ya mpango.

"Make khanda, ndikutume. Iwe sakuthamangitsa, ulibe nawo mlandu. Ukagule kanthu kakang'ono pabenchi pawo, kenako unene kuti ukufuna kupereka moni kwa a neba ako akale. Ukalowa, usawafunse kuti muli bwanji. Akuuza kuti ali bwino, munthu uja ndi wabodza pa nkhani ya thupi lake. Uwafunse nkhani yaitali. Uwafunse za tsiku limene lole inagwa ndi matumba pamlatho, amaikonda imeneyo. Akamafotokoza, iwe uziwerenga chamumtima mawu amene akutulutsa asanaime kuti apume. Akamafika asanu, ubwere mwakachetechete, udzandiuze madzulo. Akamalephera atatu, usagulenso kanthu, ukwere basi yoyamba. Ndikapita ndi namwino, andithamangitse kapena asandithamangitse. Koma usakanene kuti ndakutuma ndine. Ndipo ngati uwapeza akuseka, uwasiye amalize kaye."